Land Cruiser yeniyeni sinathere pa 40, achimwene

Pali bodza limene lamera mizu muno mu Blantyre. Mulimva m'magalaja a ku Manja, mulimva pa bawo ku Chitawira, mulimvanso m'malo omwera a ku Namiwawa kumene kumasonkhana anthu a nsapato zosadziwa matope. Ati Land Cruiser yeniyeni inathera pa mtundu wa 40. Ati zonse zimene Toyota inapanga pambuyo pake, kuphatikizapo 80, ndi zidole za mabwana oopa fumbi. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Amene akufuna tikangane abwere ndi mfundo, asabwere ndi chithunzi chotola pa Facebook.

Achimwene, ndiyambe ndi funso limodzi. Inu amene mukutamanda 40 chonchi, munakhalapo kumbuyo kwake? Sindikunena kutsogolo, pambali pa dalaivala, chigongono chili pawindo. Ndikunena kumbuyo, pa timipando tija toyang'anizana, mawondo akugundana ndi a mnzanu, mutu ukusuzumira denga pa bampu iliyonse, kuchoka ku Thyolo kudzera ku Thekerani kutsikira ku Muona msewu ukadali wa miyala yokhayokha. Munakhalapo? Ngati simunakhalepo, zanuzo ndi za kandimverere, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa.

Musandimve molakwa. Sindinadzukire kunyoza 40. Mbiri yake ndikuidziwa ndipo ndimaivulira chipewa. Mu 1951, nkhondo ya ku Korea ili mkati, Toyota inapanga galimoto yotchedwa BJ ndi cholinga chokagulitsa kwa apolisi apadera a dziko la Japan. Dalaivala woyesa magalimoto, Ichiro Taira, anakwera nayo phiri la Fuji mpaka pa siteshoni yachisanu ndi chimodzi. Dzina loti Land Cruiser linabwera mu 1954. Ndipo 40 itatuluka mu 1960, inapangidwa mpaka 1984, zaka 24 zathunthu, pamene ku Brazil m'bale wake wotchedwa Bandeirante anapitirira mpaka 2001. Galimoto yachabechabe sikhala pa msika zaka zonsezo. Kuno kwathu inanyamula anthu ndi katundu m'maesiteti, kumamishoni ndi m'maboma akutali, ndipo pang'ono ndi pang'ono inayamba kulanda malo a Land Rover imene tinaizolowera kuyambira nthawi ya atsamunda. Zonsezi ndi zoona. Palibe amene akutsutsa.

Koma kulemekeza chinthu sikutanthauza kuti tiyambe kuchinamizira. Mtondo wa agogo timaulemekeza. Unatilera, unadyetsa mudzi wonse, sufuna magetsi kapena dizilo, ndipo suwonongeka wamba. Koma kafunseni amayi amene anakula akukonola chimanga m'bandakucha ngati akufuna kubwerera ku mtondo chigayo chili pa msika pomwepo. Amene amalakalaka mtondo ndi abambo amene sanagwirepo munsi. Otamanda 40 ambiri ndi a mtundu womwewo. Iwo anaona kukongola, matuza anatuluka m'manja mwa ena.

Tiyeni tiione bwinobwino galimoto imeneyi, tisabisane Chichewa. Pansi pake pali masipuling'i a malifu, zitsulo zosanjikizana zija za pa lole, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ikakhala yaifupi ija, ya zitseko ziwiri, siyenda, imadumpha. Zambiri zinalibe pawa pa chiwongolero, moti kuikhotetsa pamalo othinana mu Haile Selassie Road ndi ntchito yotulutsa thukuta. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 magiya anali atatu okha, ndipo mukaithamangitsa pa phula injini imalira mpaka inu ndi mnzanu kuyamba kukuwirana. M'zakale zija thanki ya petulo inali pansi pa mpando, mkati momwemo, fungo likukuperekezani ulendo wonse. Fumbi limalowa paliponse pamene pali mpata, ndipo mipata ndi yambiri. Mukafika kumene mukupita, amene akukuchingamirani amayamba wakupatsani madzi osamba asanakufunseni za kumudzi.

Zimenezo mwina munganene kuti ndi zopirira. Nanga mabuleki? Zambiri zinali ndi mabuleki a dramu mawilo onse anayi. Tsikani nayo chitunda cha ku Chikwawa, kuchoka ku Chadzunda kulowera ku Thabwa, mutanyamula anthu ndi matumba, makona aja akubwera motsatizana, phompho lili kumbali. Dramu ikatentha imafooka, phazi limangopita pansi, galimoto osamva. Mukawoloka nayo mtsinje, mabuleki anyowa, mukaponda imakukokerani mbali imodzi. Madalaivala akale ankadziwa kutsika ndi giya, inde, ndipo ndimawapatsa ulemu. Koma luso lawo linali lopulumutsa anthu ku zofooka za galimoto. Mukatamanda lusolo, tamandani dalaivala. Musatamande dramu.

Ndikukumvani mukuseka. Mukuti chimenecho ndiye chimuna, galimoto yofuna mwamuna weniweni. Chimuna chanji? Chimuna chili pati pamene mayi woyembekezera amene wavutika usiku wonse akuponyedwa uku ndi uku pa msewu wa ku Neno? Chimuna chili pati pamene gogo wothyoka mwendo akukuwa pa dzenje lililonse mpaka kukafika ku chipatala cha Queens? Kwa inu kugwedezeka ndi masewera a Loweruka. Kwa anthu amene magalimoto amenewa anawanyamuladi, kugwedezeka kunali ululu. Amisiri a ku Japan amene anachotsa malifu n'kuika masipuling'i opiringiza sanachite zimenezo posangalatsa mabwana. Anamva madandaulo a misana ya anthu.

Tsopano mubwera ndi mfundo yanu yaikulu, imene mumaisunga m'thumba la mkati. Ati 40 ndi yosavuta, makaniko aliyense akhoza kuikonza pansi pa mtengo ndi sipanala ziwiri ndi waya. Ndikuvomera, ndi yosavuta. Injini ya F ya malita 3.9, kapena 2F ya malita 4.2 imene inabwera mu 1975, mwana wa sukulu ya zaumisiri akhoza kuimasula n'kuimanganso. Za dizilo zija, B ya malita 3.0 ndi 2H ya malita 4.0, ndi nkhalamba zolimba. Koma kudziwa kukonza n'kwachabe ngati chokonzera palibe. Nyamukani mawa m'mawa, pitani ku Limbe, lowani m'masitolo a masipeya limodzi ndi limodzi. Funsani kabuleta ya 2F. Funsani galasi lakutsogolo la 40. Funsani malaba a zitseko, funsani giyabokosi ya chiwongolero. Anyamata a pa kauntala adzayang'anana, wina adzaitana abwana, abwana adzakuuzani kuti mwina ku Johannesburg, mwina ku Dubai, siyani dipoziti mudikire. Mudikire ndi ndalama ziti zakunja, m'dziko limene mabanki amakanika kupereka madola ngakhale a mankhwala ndi feteleza? Galimoto imene ikudikira kabuleta miyezi ingapo ili pa miyala si yosavuta. Ndi chiphapha chokhala ndi mbiri yabwino.

Ndiye tiione 80, imene mukuitcha chidole. Anaionetsa koyamba mu 1989, inayamba kugulitsidwa mu 1990, ndipo ku Japan inapangidwa mpaka 1997. Gwadani pansi muisuzumire. Muona chiyani? Chasisi yachitsulo yokhala payokha, bodi yomangidwa pamwamba, monga momwe zilili pa 40. Ekisilo yamtanda, yolimba, kutsogolo ndi kumbuyo, monganso pa 40. Chimene chinasintha ndi choti gudumu lililonse linapatsidwa sipuling'i yopiringiza, moti limatsika ndi kukwera kutsata nthaka m'malo moulutsa galimoto yonse. Kutsogolo mabuleki a disiki. Chiwongolero cha pawa. Magiya asanu. Zina zinabwera ndi maloko a difu kutsogolo ndi kumbuyo, oti mukatsekera mawilo onse anayi amazungulira limodzi, ngakhale awiri atalendewera m'mwamba. Ndiuzeni, pa zonsezi, chidole ndi chiti? Anachotsa chiyani cha mphamvu? Mafupa ndi omwewo. Anangochotsa nkhanza.

Ndipo musandiuze za zikopa ndi mabatani. Inde, zilipo za VX zokhala ndi makapeti ndi mawindo a magetsi. Koma zambiri zimene mabungwe ndi maofesi ankagula zogwirira ntchito zinali zosakongoletsa: pansi pulasitiki yotsuka ndi madzi, mawindo opukusa ndi dzanja, zitseko ziwiri zotsegukira m'mbali kumbuyo, ndi mahabu oti utsike ukatembenuze wekha matope akayamba. Bwana woopa fumbi angasankhe zimenezo?

Mtima wa nkhani yonse uli pansi pa boneti. Injini ya 1HZ. Malita 4.2, masilinda asanu ndi imodzi pamzere, dizilo, yopanda tebo, pampu yake yoyendera zitsulo, yosadalira kompyuta. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija, pamene tinkagona pa mizere, ndinaona 80 ina itazima pakati pa msewu kuno ku Manja, dizilo atatheratu mpaka mpweya kulowa m'mapaipi. Mnyamata wa pa galaja yapafupi anabwera ndi chigubu cha malita asanu ndi sipanala imodzi m'thumba la ovololo. Anathira, anapopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta ndi chikhatho mpaka katalimba, anamasula pang'ono manati a mapaipi opita ku ma injekita, n'kuuza mwini wake kuti alize. Thovu linatuluka, kenako dizilo woyera. Anamanga manatiwo limodzi ndi limodzi injini ikutsokomola, ndipo atamanga lomaliza inagwira n'kukhazikika, kulira kwake kuja kosathamanga. Sanatsegule laputopu. Sanaimbire foni munthu. Anapukuta manja pa kansanza n'kubwerera kukamaliza nsima yake. Achimwene, kuphweka kumene mumakutamanda pa 40 ndi kumeneku. Kuli pa 80.

Kusiyana kwake n'kwakuti 1HZ ili ndi abale amoyo. Toyota yakhala ikuika injini imeneyi m'magalimoto kwa zaka zoposa 30. Ndi yomweyo imene ili m'maambulansi oyera a Land Cruiser 78 amene mumawapatsa njira pa Ginnery Corner. Ndi yomweyo ili m'mapikapu a 79 a mabungwe ndi a m'maesiteti. Ndi yomweyo ili m'mabasi ambiri a Coaster. Chifukwa cha zimenezi fyuluta, mahita, gasiketi, mapisitoni ndi pampu ya madzi mukazipeza ku Limbe lero lino, zenizeni ndi zachinyengo zomwe, ndipo makaniko amene sanatsegulepo 1HZ mu mzinda muno ndi wongoyamba kumene. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sipeya yanu ndi imene ili pa shelefu ku Limbe. Ya pa intaneti ija si yanu mpaka itadutsa pa Mwanza.

Kodi 80 ilibe zilema? Ili nazo, ndipo sindizibisa. Ndi yolemera, matani awiri ndi kupitirira. Ya 1HZ pa chitunda ndi yaulesi, moti mukamakwera kuchoka ku Thabwa mutadzaza, minibasi imakupitirirani kondakitala akukuyang'anani. Ya petulo ija ya malita 4.5 imamwa mosachita manyazi, ndipo pa mitengo ya lero ndi galimoto yoti muziganiza kawiri musanapite nayo ku msika. Ya tebo, 1HD-T, ili ndi mphamvu koma mabering'i ake a pansi amafuna kuwayang'anira. Kumapeto kwa ekisilo yakutsogolo, pa mpira wachitsulo pamene gudumu limakhotera, masilo akatha girizi amasakanikirana ndi oilo wa mu difu n'kuyamba kuchucha phala lakuda, ndipo mukalekerera mudzalira. Lamba wa taimingi ali ndi nthawi yake, ndipo kagetsi kake kakayaka pa dashibodi sikakupemphani, kakukulamulani. Zonsezi ndi zoona. Koma onani mtundu wa zilemazi. Chilichonse chili ndi mankhwala ake mu mzinda muno, pa mtengo wodziwika, m'manja mwa anthu amene timapemphera nawo. Walira mvula walira matope. Amene akufuna galimoto yokwera phiri avomere kugula girizi.

Mwatsala ndi chipolopolo chimodzi, ndikuchidziwa. Mtengo. Mutulutsa foni n'kundionetsa 40 yonyezimira ku America imene yagulitsidwa madola oposa 100,000, n'kundifunsa kuti ngati 80 ili yabwino bwanji siifika pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Werengani bwino zimene zalembedwa pansi pa chithunzicho. Zambiri mwa zodula kwambirizo anazimasula mpaka pa nati yomaliza, anaika injini yatsopano, mabuleki a disiki, chiwongolero cha pawa, magiya asanu, choziziritsa mkati, mipando yatsopano, zina mpaka masipuling'i opiringiza. Mwamva? Munthu walipira chuma chonsecho kuti 40 yake iziyenda ngati 80. Chimene wasunga ndi nkhope yokha: magetsi awiri ozungulira aja, denga loyera, ndi dzina la TOYOTA pamphumi. Umboni wanu womwewo ukukutsutsani. Ngakhale amene amaikonda mpaka kutaya madola sakufuna kuiyendetsa momwe inalili.

Ndipo mtengo wa ku California ukutiuza chiyani ife a ku Manja? Kumeneko galimoto yotere imagona m'nyumba, imatuluka dzuwa likawala, imakamwa khofi n'kubwerera. Kuno galimoto ndi ya maliro, ya ukwati, ya chimanga chochokera kumudzi, ya wodwala wa pakati pa usiku. Muyeso wathu ndi wina.

Amene tinali kuno mu Marichi 2023 muyeso umenewo tinauona ndi maso. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, Chilobwe ndi Manja zinasanduka malo a maliro, sukulu zinasanduka misasa, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Sindikufuna kusewera ndi chisoni cha anthu pofuna kupambana mkangano wa magalimoto. Ndingonena chimene aliyense anaona. Misewu ya m'makwalala itasanduka makwawa, funso linali limodzi: ndi galimoto iti ingafike, inyamule anthu ambiri, ibwerere, ipitenso, mawa ipitenso? Kumene milatho inakokoloka ngakhale Land Cruiser inagonja, kunafunika maboti ndi ndege. Koma kumene gudumu likanaponda, zimene zinkagwira ntchito zinali zazitali, za dizilo, zokoka mawilo onse, zokhala ndi masipeya pafupi. Masiku amenewo palibe anafunsa kuti yokongola ndi iti, kapena kuti ku America ikugula zingati.

Pali mdani wina wa 80 amene akumvetsera mkanganowu akumwetulira. Ndi mphwanga uja wa kagalimoto kochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, kosamwa mafuta, kokhala ndi kanema pa dashibodi. Iye akuti nonsenu ndinu amisala, 40 ndi 80 zonse ndi zitsulo zakutha. Mphwanga, kagalimoto kako ndi kabwino, ndipo pa ulendo wa ku ntchito mu Chipembere Highway kakuposa tonsefe. Sindikulimbana nawe. Koma mvula ya Januwale ikadzagwa sabata yathunthu, uthenga n'kubwera woti kumudzi kwagwa zovuta, tidzaonana pa geti ya amene ali ndi 80. Chimodzimodzi inu abwana a V8. Kuyambira pa 100 ya mu 1998 Toyota inayamba kusiya ekisilo yamtanda kutsogolo, kupatula pa 105, ndipo pofika pa 200 ya mu 2007 ndi 300 ya mu 2021 galimoto inadzaza makompyuta. Ndi zamphamvu, ndi zofewa, sindikana. Koma ikayatsa kagetsi kachikasu muli ku Makhanga, mnyamata wa sipanala imodzi uja adzangokupepesani. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti 80 ili pamalo pake payokha. Kumbuyo kwake kuli magalimoto olimba koma ozunza. Kutsogolo kwake kuli magalimoto ofewa koma ofuna laputopu. Iyo inatenga zabwino za mbali zonse ziwiri, ndipo ku Japan inapangidwa zaka zosakwana khumi.

Nanga 40 tiitani? Tiisunge. Amene ali nayo yoyenda aisamale, aimangire denga, aziitulutsa pa ukwati ndi pa zionetsero, ana aione, aikhudze, adziwe chimene chinanyamula agogo awo. Ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri kuli injini ya sitima imene imaima panja, ana a sukulu n'kumaizungulira. Pambali pake payenera kudzaima 40 imodzi yokonzedwa bwino, ndi mbiri yake yolembedwa m'Chichewa. Kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa kilo ndi tchimo, ndipo amene anachita zimenezo adziwe kuti anagulitsa mbiri ya dziko pa mtengo wa ndiwo. Ulemu umenewo ndikuupereka ndi manja awiri. Chimene ndikukana ndi kuti ulemu wa 40 ukhale chitonzo cha 80.

Pakuti bodza lanuli likupha, achimwene, ndipo apa ndiye pamene pandipsetsa mtima. Pamene mukuimbira 40 nyimbo, 80 ikufa m'manja mwathu popanda woilira. Popeza mwatiphunzitsa kuti si yakale mokwanira kuti ilemekezedwe, komanso si yatsopano mokwanira kuti inyadiridwe, tikuiona ngati galimoto yongomalizitsa. Yendani m'mipanda ya ku Manja, ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Ndirande. Muziona zitakhala pa miyala, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira pa mpando wakumbuyo. Funsani chinachitika n'chiyani. Nkhani yake ndi imodzimodzi. Rediyeta inayamba kudontha, mwini wake m'malo moikonza ankangothira madzi a pa mpope m'mawa uliwonse, dzimbiri linatseka njira, tsiku lina pa chitunda singano inakwera, hedi inang'aluka. Kapena lamba wa taimingi anapitirira nthawi, wina anati akadali bwino, anaduka. Kapena anathira dizilo wa m'zigubu za pamsewu wosakaniza ndi parafini, pampu inatha. Galimoto yoti ikanayenda zaka zina makumi awiri yaphedwa ndi kuumira ndalama ya lamba mmodzi.

Ikangokhala pa miyala mwezi umodzi, miimba imafika. Woyamba akufuna giyabokosi. Wachiwiri akufuna difu yakutsogolo. Wachitatu akuti mungondibwereka sitata, ndibweza Lachisanu, ndipo Lachisanu limenelo silifika. Mwini wake amasangalala ndi tindalama ta apa ndi apo, osadziwa kuti akudya ng'ombe yake chiwalo chimodzi chimodzi. Pakutha pa chaka chatsala chigoba, ndipo chigobacho chimapita pa sikelo. Ndani anatilodza? Chasisi yopanda dzimbiri, imene anthu a kumaiko a chisanu, kumene amathira mchere m'misewu, amaisaka ndi nyali, ife tikuidula ndi gasi kuti tipange geti.

Mukuganiza kuti mudzagula ina? Ndi chiyani? Msonkho wa MRA pa galimoto yolowa m'dziko umakwera malinga ndi zaka zake komanso kukula kwa injini, ndipo 80 ndi yakale, injini yake ndi yaikulu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chogulidwa ndi dola chinathawa m'manja mwa munthu wamba. Tanthauzo lake ndi losavuta: ma 80 amene ali m'dziko muno lero ndi omwewo amene tidzakhale nawo. Ku Japan anasiya kupanga mu 1997. Iliyonse imene yadulidwa yapita, ndipo malo ake sadzatsekedwa.

Kunja adzuka kale. Lamulo la ku America limalola kulowetsa galimoto ya kunja ikakwana zaka 25, ndipo pofika mu 2022 ngakhale 80 yomaliza ya ku Japan inali itakwana. Anthu amene dzulo ankathamangira 40 lero akusaka 80 ya dizilo ya magiya a pamanja, yosakongoletsa, mtundu womwe uja umene ife tikuikiramo nkhuku. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina munthu waulemu adzagogoda pa geti panu, adzayenda mozungulira galimoto akupukusa mutu, adzakuwerengerani zilema zake zonse, kenako adzatchula mtengo umene udzakukomereni m'khutu. Mudzaganiza kuti mwamudyera. Patapita zaka zochepa mwana wanu adzakuonetsani pa foni galimoto yomweyo itapakidwa utoto, ndipo inu, inu nomwe amene lero mukuitcha chidole, mudzayamba kutiuza kuti Land Cruiser yeniyeni inathera pa 80. Tidzakufunsani kuti yanu ili kuti.

Choncho inu bambo amene muli ndi 80 kuseri kwa nyumba, musanayankhe wogulayo, chitani chinthu chimodzi. Kafunseni mtengo wa 79 yatsopano, muumve ndi makutu anu, mukhale pansi. Mukatero kaitaneni makaniko wanu, osati wongoyerekeza, atsegule aone chimene chinaimitsa galimotoyo. Ngati ndi hedi, hedi imapezeka. Ngati ndi pampu, alipo okonza mapampu mu mzinda muno. Musabwereke munthu sitata. Ifunditseni tenti mvula isanayambe, tulutsani nkhuku, ndipo lembani pa pepala zofunika kugula motsatana, chimodzi mwezi uno, china mwezi wa mawa. Lamba wa taimingi, masilo a kutsogolo ndi rediyeta yabwino mukazipeza ku Limbe Loweruka m'mawa, masitolo asanatseke.